Njoka sizitha m'nyengo yozizira

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno ambiri amati kamphepo ka Juni kakangoyamba ndiye kuti njoka zatha, ena mpaka kumalowa m'munda opanda nsapato. Ayi ndithu, zilipo.

Njoka imadalira dzuwa kuti thupi lake litenthe. Kukazizira, chakudya chimachedwa kugayika m'mimba, choncho imasiya kusaka. Nsato imatha miyezi osadya koma ili bwinobwino. Amene amaweta njoka asamaikakamize kudya mbewa nthawi imeneyi, chifukwa imangosanza.

Komanso chigwa chathu chino sichizizira ngati ku Dedza. M'mawa mphiri imatuluka kukaothera dzuwa panjira, ndipo sithawa munthu akamabwera. Imangoti phee pomwepo mpaka wina aiponde.