Buloko longonunkhiza simenti lidzakugwetserani nyumba

Mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yanga ya zomangamanga ndi akuti, "Ifetu tamangira mabuloko, nyumba iyi singagwe." Mawuwa anthu anawatenga kuti sindidziwa, koma afalikira zedi, ndipo oumba mabuloko achinyengo akudyerapo.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, linaika malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zochitiramo malonda. Chifukwa chake aliyense amene anadutsapo pa uvuni akuchidziwa: mitengo yachilengedwe yathera mmenemo, madambo atsala mayenje okhaokha. Lamulolo ine ndimagwirizana nalo. Silinafike pa nyumba yogona ya munthu wamba, koma anthu anatengera okha, moti lero m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mwadzaza oumba mabuloko. Kusiyana kwake ndi uku: pa ntchito ya boma pamayenera kukhala injiniya amene amatenga mabuloko kukawayeza mphamvu, akalephera amawabweza. Pa puloti panu wowayeza ndani? Mumangofunsa mtengo, mwagula otchipa, ngolo yanyamula.

Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Kuti buloko linyamule denga, thumba limodzi lisakanizidwe ndi mawilibala atatu a mchenga, mwina anayi ngati mchengawo ndi wa kumtsinje, woyera, wopanda dothi. Mawilibala osefa bwino pamwamba, osati osenjerera ngati akuba. Woumba wofuna phindu lachangu amaika asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, mchenga wake wa kudambo wodzaza matope, madzi n'kuchulutsa kuti chikombole chizivuka msanga. Buloko limatuluka lokongola, ngodya zake zakuthwa, mtundu wotuwa bwino. Simenti yangonunkhiramo basi.

Chondipweteka kwambiri ndi nkhani ya kuthirira. Anthu amaganiza kuti buloko limalimba likauma, ndiye amaliyanika padzuwa la Okutobala ngati mphale. Simenti imalimba ndi madzi. Ikauma msanga, kulimbako kumathera panjira ndipo sikubwereranso mokwanira, kaya mudzalithire madzi a m'nyanja yonse pambuyo pake. Buloko lifunika mthunzi, lifundidwe pulasitiki kapena masaka, lizithiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zenizeni zimakwana pa masiku 28. Tsono wina akukugulitsani loumba dzana, inu n'kumati mwachita mwayi simunadikire.

Pali nyumba ina imene mpaka pano imandisowetsa mtendere. Mwini wake mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma, anathira ndalama zake zonse za penshoni pa zipinda zitatu. Bilidala anali mlamu wa mnzawo wa kutchalitchi, ndiye panalibe kufunsana zambiri. Anamulola kuumba yekha mabuloko pamalo pomwepo kuti asunge ndalama, simenti akugula mayiwo, kuwerenga matumba osawerenga. Anandiitana mvula yachiwiri itadutsa, chitseko cha kuchipinda chitayamba kukana kutseka. Mng'alu unayambira pa ngodya ya zenera, kutsetsereka chopingasa mpaka pansi, chala changa n'kumalowamo. Nditakanda ndi msomali pomwe pulasitala anagamuka, mchenga unayoyokera pa nsapato. Pamwamba pa khoma panalibe ring'i bimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wogwira makoma onse pamodzi), m'mizere munalibe waya, pa maziko sanayale pulasitiki wotchinga chinyezi. Mayiwo anandifunsa kuti, "Bambo, tingomata ndi simenti yambiri?" Kumata sikukanathandiza kanthu. Khoma la mbali imeneyo linayenera kugwetsedwa, ndipo ndalama yomangiranso inali itatha. Bilidala uja anali atapeza kale ntchito ina, akumangira anthu ena.

N'chifukwa chake ndikamva za thandizo la boma pa nyumba, ndimayamba ndafunsa za mmisiri. Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene inabwera ndi boma la a Peter Mutharika chitatha chisankho cha 2014 inafoleretsa mabanja ena, zimenezo sitikana. Koma simenti yabwino m'manja mwa munthu wosadziwa muyeso ndi kutaya ndalama. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitagwetsa nyumba, unduna woona za malo ndi nyumba unakonza ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba, yofotokoza za maziko, ngodya, ring'i bimu ndi kamangiridwe ka denga. Mabilidala angati a m'makwalala mwathu anaionapo? TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera akuphunzitsa achinyamata, koma omanga nyumba zambiri ndi aja anaphunzira pokanya matope kumbuyo kwa amalume awo. Amenewo ndiwo ofunika kuwatsatira ndi maphunziro afupiafupi, pamodzi ndi makina ofinyira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene sizilira nkhuni ndipo dothi lake mumakumba pa puloti pomwepo.

Wina asandiuze za namondwe Freddy. Zimene zinachitika ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 palibe buloko likanapirira, chifukwa matope ndi miyala zinatsika ndi phiri. Ine ndikunena nyumba zogwa ndi mvula wamba ya Januwale, pamalo athyathyathya.

Musanagule, funsani tsiku limene anaumba. Tengani buloko limodzi pakati pa mulu, osati lomwe akupatsani iwo, mulikweze kufika m'chiuno n'kulisiya ligwe chafufumimba pa nthaka yolimba. Likaphwasuka, kwerani njinga yanu muzipita. Ngati akuumbirani pakhomo, mukhalepo pothira simenti ndipo matumba opanda kanthu muziwerenga nokha madzulo aliwonse. Ndipo ngati nyumba munamanga kale, mng'alu wopingasa waoneka, zitseko zayamba kuvuta, musaitane yemwe anamanga uja kuti adzamate ndi kupaka penti. Lembani chizindikiro ndi pensulo pomwe mng'aluwo wathera, mulembenso tsiku. Ukapitirira chizindikirocho, tulutsanimo ana m'chipindamo ndipo mupeze injiniya kapena mmisiri wa mapepala mvula isanayambe.