Chikho cha All England ndi manja amene chadutsamo

Chaka chilichonse m'mwezi wa Malichi, akatswiri a badminton amasonkhana mumzinda wa Birmingham ku England kukalimbirana chikho cha All England. Pa mipikisano yonse ya masewerawa imene ikuchitikabe, wakale kwambiri ndi umenewu. Unayamba mu 1899 ndipo waimapo kawiri kokha chifukwa cha nkhondo ziwiri zikuluzikulu: kuyambira 1915 mpaka 1919, kenako 1940 mpaka 1946. Mpikisano wovomerezeka wa dziko lonse unadzayamba mochedwa, mu 1977 ku Malmö m'dziko la Sweden, choncho kwa zaka zambiri munthu wopambana All England ndiye ankatengedwa kuti ndi ngwazi ya dziko lapansi.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa badminton, ndipo achinyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti awerenge mndandanda wa opambana mpikisanowu modekha. Ukauwerenga mothamanga umangoona maina ndi zaka. Ukaufatsira umapeza kuti akatswiri ambiri ali ndi wina amene anawagwira dzanja, kaya ndi bambo awo, mkulu wawo kapena katswiri wakale amene anasiya kusewera n'kuyamba kuphunzitsa, ndipo luso lakhala likusamuka dziko ndi dziko motsatira anthu amenewo.

Chiyambi chake chinali chaching'ono. Bungwe la badminton la ku England linakhazikitsidwa mu 1893, ndipo mu 1898 kalabu ya ku Guildford inachititsa mpikisano umene unayenda bwino moti bungwelo linaganiza zokonza wake. Mu Epulo 1899 anasewera mu holo yochitira perete ya asilikali a London Scottish mumzinda wa London, ndipo chaka chimenecho kunali masewera a awiriawiri okha. Kulimbana kwa mmodzimmodzi kunawonjezedwa mu 1900, pomwe Sydney Smith anapambana kwa amuna ndipo Ethel Thomson kwa akazi.

Pa zaka zoyambirirazo dzina lalikulu ndi la Sir George Thomas, amene anapambana ka 21, chiwerengero chimene palibe wachifikira mpaka lero. Kanayi mwa maulendowa anapambana payekha, zaka zotsatizana kuyambira 1920 mpaka 1923. Analinso katswiri wa chess wa dziko la Britain. Koma chimene anasiyira masewerawa chimaposa zikho zake. Anakhala pulezidenti woyamba wa bungwe la badminton la dziko lonse litakhazikitsidwa mu 1934, ndipo anapereka chikho cha Thomas Cup choti matimu a amuna a maiko osiyanasiyana azilimbirana. Anzake a ku England mwina sankayembekezera zimene zinatsatira: mpikisano woyamba wa chikhocho, umene unatha mu 1949, anapambana ndi anyamata a ku Malaya, dziko limene panthawiyo linali pansi pa ulamuliro wa Britain.

Mngelezi womaliza kupambana All England payekha kwa amuna ndi Ralph Nichols, mu 1938. Chaka chotsatira chikho chinapita ku Denmark ndi Tage Madsen, ndipo cha akazi chinawoloka nyanja kupita ku Canada ndi Dorothy Walton. Nkhondo itatha panabwera Dave Freeman wa ku America mu 1949, amene pambuyo pake anadzakhala dokotala wa opaleshoni ya ubongo. Kenako mu 1950 Wong Peng Soon wa ku Malaya anakhala munthu woyamba wa ku Asia kutenga chikho cha amuna.

Wong ankadziwika ndi kamenyedwe ka backhand, komenya ndi kuseri kwa raketi, ndipo kuti mumvetse kukula kwa luso lake ndi bwino ndifotokoze vuto lake. Shuttle, kampira kamene timamenya, kamapangidwa ndi nthenga 16, kawirikawiri za tsekwe, ndipo kamalemera pafupifupi magalamu asanu. Kamachoka pa raketi mwaliwiro lalikulu koma nthengazo zimakagwira mphepo, ndiye kamafooka msanga n'kugwa chotsetsereka. Bwalo ndi lotalika mamita 13.4. Mnzako akakuponyera shuttle m'mwamba ku ngodya yakumbuyo ya kumanzere, iwe uli wamanja, umayenera kufulatira neti, kuika chala chachikulu chogona pa chogwirira, kukweza chigongono, n'kumenya ndi mkono ndi dzanja basi, thupi lonse losakuthandiza kwenikweni. Wophunzira aliyense amagwa pamenepa. Shuttle imakathera pakati pa bwalo, mnzako n'kuimenyera pansi pamapazi ako. Wong ankaibweza mpaka kumapeto kwa bwalo la mnzake, ndipo ankachita zimenezi ndi raketi yamatabwa, yolemera kuposa zimene ana akunyamula masiku ano. Anapambana mu 1950, 1951 ndi 1952, n'kudzapambananso mu 1955 ali ndi zaka 37. Zaka zimene iye sanapambane chikho sichinachoke ku Malaya, chifukwa Eddy Choong wa ku Penang, munthu wamfupi koma wothamanga kwabasi, anachitenga mu 1953, 1954, 1956 ndi 1957. Eddy anapambananso katatu pa awiriawiri ali ndi mkulu wake David.

Kwa akazi, nyengo imeneyo inali ya Judy Devlin, amene atakwatiwa anatchedwa Judy Hashman. Bambo ake, Frank Devlin wa ku Ireland, anapambana All England ka 18, kasanu ndi kamodzi payekha, asanasamukire kutsidya la nyanja kukaphunzitsa masewerawa. Mwana wawoyo anakulira ku America, akuphunzitsidwa ndi bambo akewo, ndipo pakati pa 1954 ndi 1967 anapambana payekha ka 10. Palibe mwamuna kapena mkazi wina amene anafikapo pamenepo. Zikho zina zisanu ndi chimodzi anatenga pa awiriawiri ndi mkulu wake Sue. Zimandipweteka kuti anthu akamakambirana za akatswiri a All England amathamangira kutchula amuna, dzina la mayiyu n'kulisiya kumapeto, chikhalirecho mbiri yake ndiyo yaikulu pa onse osewera payekha.

Kuyambira 1957 mpikisano unkachitikira ku Wembley mumzinda wa London, ndipo kumeneko Erland Kops wa ku Denmark anapambana kasanu ndi kawiri pakati pa 1958 ndi 1967. Ambiri ankaganiza kuti chiwerengero chimenechi chikhala nthawi yaitali. Chaka chotsatira, mu 1968, kunabwera mnyamata wa zaka 18 wochokera ku Surabaya m'dziko la Indonesia, Rudy Hartono, amene anayamba kuphunzitsidwa ndi bambo ake ali mwana. Anagonjetsa Tan Aik Huang wa ku Malaysia pa ndime yomaliza, ndipo chikho sanachitayenso mpaka 1974, zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana. Mu 1975 Svend Pri wa ku Denmark anamugonjetsa, koma mu 1976 anabwerera n'kupambana kachisanu ndi chitatu, pogonjetsa mnzake wa dziko limodzi Liem Swie King, amene anadzatenga chikhochi katatu pambuyo pake.

Poyerekeza akatswiri akale ndi amakono tisaiwale kuti kawerengedwe ka mapointi kanali kosiyana. Masiku a Hartono amuna ankasewera mpaka 15, akazi mpaka 11, ndipo pointi inkalowa pokhapokha ukapambana pamene ndiwe wayambitsa. Ukapambana pamene wayambitsa ndi mnzako, unkangolanda mwayi woyambitsa basi. Masewera ankatha kutalika mapointi osasuntha, ndipo munthu wotsalira kwambiri ankatha kubwerera ngati ali ndi mpweya ndi mtima. Kuyambira 2006 malamulo anasintha, amasewera mpaka 21 ndipo kulakwitsa kulikonse ndi pointi ya mnzako.

Pali chinthu chinanso chimene okonda Hartono safuna kuchimva, koma chiyenera kunenedwa. Zaka zonse zimene iye ankalamulira ku Wembley, dziko la China silinkabwera, chifukwa silinali membala wa bungwe la dziko lonse mpaka 1981. Komatu ku China kunali osewera awiri oopsa, Tang Xianhu ndi Hou Jiachang, onse obadwira ku Indonesia amene anasamukira ku China ali achinyamata. Akakumana ndi akatswiri a ku Ulaya pa masewera a ubale ankawagonjetsa mosavuta, koma mphamvu zawo zinatha asanapatsidwe mpata wolimbirana All England. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa Hartono. Kupambana kasanu ndi kawiri motsatizana sikubwera mwamwayi. Ndikungoti mndandanda wa opambana uli ndi mipata imene inabwera chifukwa cha ndale, ndipo maina awiriwa akusowamo pa chifukwa chimenecho.

China itangolowa, zinthu zinasintha nthawi yomweyo. Zhang Ailing anapambana kwa akazi mu 1982, Luan Jin kwa amuna mu 1983. Morten Frost wa ku Denmark analimbana nawo n'kupambana kanayi m'zaka za m'ma 1980, ndipo Susi Susanti wa ku Indonesia anatenga cha akazi kanayi pakati pa 1990 ndi 1994, nyengo imene anapezanso mendulo yagolide ku Barcelona mu 1992, badminton italowa koyamba m'masewera a Olimpiki. Mu 1994 mpikisano unasamukira ku Birmingham komwe uli mpaka pano. Tang Xianhu uja anakhala mphunzitsi, anakaphunzitsakonso ku Indonesia, ndipo atabwerera ku China mmodzi mwa amene anadutsa m'manja mwake ndi Lin Dan, amene anapambana All England kasanu ndi kamodzi pakati pa 2004 ndi 2016.

Mdani wamkulu wa Lin Dan pabwalo anali Lee Chong Wei wa ku Malaysia. Anakumana katatu pa ndime yomaliza ku Birmingham: Lin anapambana mu 2009 ndi 2012, Lee mu 2011. Lee sanapezepo golide wa Olimpiki, anathera pa siliva katatu, choncho zikho zake zinayi za All England, chomaliza mu 2017 ali ndi zaka 34, ndizo anthu a kwawo amazikumbatira kwambiri.

Nkhani ya India ndiyo imaonetsa bwino m'mene chikho chimodzi chimaberekera. Prakash Padukone anagonjetsa Liem Swie King mu 1980, kukhala Mmwenye woyamba kupambana. Atasiya kusewera anatsegula sukulu ya badminton ku Bangalore, ndipo mmodzi mwa amene anaphunzirako ndi Pullela Gopichand, amene anapambana All England mu 2001 atachira bondo limene linatsala pang'ono kumusiyitsa masewera. Gopichand naye anamanga sukulu yake ku Hyderabad, komwe kunatuluka Saina Nehwal, amene anafika pa ndime yomaliza mu 2015, ndi P. V. Sindhu, ngwazi ya dziko lonse mu 2019. Lakshya Sen, amene anagonja kwa Viktor Axelsen wa ku Denmark pa ndime yomaliza ya 2022, anakulira pa sukulu ya Padukone. Ku Japan nakonso, Kento Momota anakhala mwamuna woyamba wa dzikolo kupambana payekha mu 2019, timu yawo ili m'manja mwa Park Joo-bong wa ku South Korea, katswiri wakale wa awiriawiri amene anatengapo zikho zambiri pa mpikisano womwewu.

Eni ake mpikisano akhala akungoonerera. Mkazi womaliza wa ku England kupambana payekha ndi Gillian Gilks mu 1978, ndipo chikho cha mwamuna ndi mkazi anachitenga Nathan Robertson ndi Gail Emms mu 2005.

Indonesia nayo inadikira nthawi yaitali kwa amuna osewera payekha kuchokera pamene Hariyanto Arbi anapambana mu 1994. Mu 2021 timu yonse ya dzikolo inachotsedwa mu mpikisano utayamba kale, chifukwa munthu wina amene anakwera naye ndege imodzi anapezeka ndi Covid-19, ndipo kwawo anthu anakwiya kwambiri. Patapita zaka zitatu, mu 2024, ndime yomaliza ya amuna inali ya anthu awiri a ku Indonesia, Jonatan Christie ndi Anthony Ginting, amene akhala akuchitira limodzi zokonzekera pa malo a timu ya dziko lawo ku Jakarta kuyambira ali achinyamata. Christie anapambana, patatha zaka 30 chipambanireni Arbi.