Kugwa pansi pa chitsitsimutso si umboni wa kutembenuka mtima

Kuno kuchigwa, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, ambiri timaganiza kuti munthu akagwa pansi pa msonkhano wachitsitsimutso, kapena akabatizidwa n'kulandira khadi la mpingo, ndiye kuti watembenuka mtima basi. Zimenezi si zoipa ayi, koma Baibulo silizitenga ngati umboni.

Taonani Simoni wamatsenga uja pa Machitidwe 8. Anakhulupirira, anabatizidwa, ndipo sankasiyana ndi Filipo. Koma atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza maso ndi maso kuti mtima wake sunali wolungama. Pa Mateyu 7:22-23 Yesu akukana ngakhale anthu amene ankanenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake.

Za Zakeyu n'zosiyana. Pa Luka 19 sitimva kuti anakomoka kapena kugubuduka. Anangoimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo aliyense amene anamubera amubwezera kanayi.

Choncho Paulo akamati tidziyese tokha pa 2 Akorinto 13:5, mayesowo sachitikira m'tchalitchi mokha. Wogula thonje ku Ngabu adzifunse ngati sikelo yake ikuwerenga makilogalamu enieni. Wolemba mayina a anthu ofunika thandizo madzi akasefukira adzifunse chifukwa chake abale ake ali pamwamba, gogo wogona m'tenti palibe. Za katapila wa mu February, chimanga chitatha m'nyumba, tonse tikudziwa.

Wotembenuka amachimwabe ndithu, kungoti tchimo limamusowetsa tulo mpaka atapita kukapepesa ndi kubweza za eni.