Seva imene inapulumuka chifukwa magetsi anazima

Pa 27 June 2017, makompyuta a Maersk, kampani ya ku Denmark imene sitima zake zimanyamula makontena padziko lonse, anayamba kufa motsatizana. Pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inalowera ku Ukraine, itabisala m'pulogalamu yowerengera misonkho ya M.E.Doc, ndipo tsiku lomwelo inali itafika kale m'maofesi a kampaniyi m'mayiko ambiri. Pazipata za madoko ena malole anangoti mdadada, popanda wodziwa kuti kontena iti ikwere sitima iti.

Akatswiri atayamba kutolera zotsala, anapeza kuti maseva ambiri, amene ndi makompyuta akuluakulu osunga deta ndi kutumikira makompyuta ena, anali ndi makope osungidwa padera. Amene analibe ndi maseva osunga kaundula wa antchito: dzina la munthu, pasiwedi yake, ndi malo amene amaloledwa kulowa. Ife a ntchito yosamalira makompyuta timawatchula kuti domain controller. Analipo pafupifupi 150, ndipo ankakoperana usana ndi usiku, moti aliyense anali ndi zonse zimene mnzake ali nazo. Maganizo anali akuti imodzi ikafa, enawo alipo. Koma popeza onse anali olumikizana, anafera limodzi.

Inatsala imodzi yokha, mu ofesi ina ya kumadzulo kwa Africa. Magetsi anali atazima kumeneko chiwembucho chisanafike, choncho sevayo inali yosalumikizana ndi anzake. Disiki yake anachita kuinyamula pa ndege kupita nayo ku England, kumene kunali gulu lomanganso zonse. M'masiku khumi anakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndipo kampaniyo inati inataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni. Ife amene timatukwana magetsi akazima, nkhani iyi imatisiya kukamwa yasa.

Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imandithandiza kufotokozera mabwana kusiyana kwa zinthu ziwiri zimene ambiri amaziyesa chimodzi. Choyamba ndi replication, kutanthauza kuti chilichonse cholembedwa pa makina osungira deta a kulikulu chimalembedwanso pa makina ena a kumalo achiwiri. Chachiwiri ndi backup, kope la mmene zinthu zinalili pa nthawi inayake, loikidwa pambali osakhudzidwanso. Replication imakutetezani nyumba ikapsa kapena makina akafa. Koma ilibe nzeru yosankha. Kalaliki akafufuta mwangozi maakaunti a makasitomala, kufufutako kumakoperedwanso. Akuba akatseka mafayilo anu kuti muwalipire, mafayilo otsekedwawo ndi amene amapita kumalo achiwiri, mokhulupirika ndithu. Ndi nkhokwe ziwiri zogundana: nankafumbwe akalowa imodzi, inayo musaiwerengere. Agogo athu mbewu ankaipachika kudenga la khitchini, pautsi, kutali ndi chimanga chodya.

Kukopera kwa replication kulinso pawiri, ndipo apa ndi pamene ndalama zimathera. Njira yoyamba, ya synchronous, makina sauza kasitomala kuti ndalama zake zalowa mpaka malo onse awiri atavomera kuti alemba. Palibe chotayika. Vuto lake ndi mtunda. Kuwala koyenda mu waya wa fibre kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndiye pa makilomita 100 alionse, kupita ndi kubwera, mumadikira gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Kumva kwake ngati kanthu kochepa, koma database ya banki, kaundula wa pakompyuta wosunga maakaunti onse, imalemba kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kulemba kulikonse kumadikira yankho. N'chifukwa chake malo awiri otere amakonda kukhala oyandikana, mumzinda umodzi kapena m'mizinda yoyandikana. Tsono akayandikana, madzi osefukira amodzi omwewo, kapena kuzima kwa magetsi kumodzi komweko, kungathe kuwagwetsa onse.

Njira yachiwiri, ya asynchronous, makina akulikulu amalemba n'kupitiriza ntchito, kope n'kumatsatira pambuyo, mwina patapita masekondi, mwina mphindi khumi ndi zisanu. Malo achiwiri angakhale kutali, ngakhale dziko lina. Likulu likagwa mwadzidzidzi, zimene zinali zisanatumizidwe zapita basi.

Ndiye ndikakhala pansi ndi bwana wa kampani sindiyamba ndi mayina a makina. Ndimamufunsa mafunso awiri. Zinthu zitavuta lero masana, mungapirire kutaya ntchito ya nthawi yaitali bwanji? Nanga mungakhale otseka kwa nthawi yaitali bwanji musanayambe kuluza makasitomala? Funso loyamba m'mabuku athu ndi RPO, lachiwiri ndi RTO. Pafupifupi bwana aliyense amayankha kuti sakufuna kutaya kalikonse ndipo sakufuna kutseka ngakhale mphindi imodzi. Akaona mtengo wake, mpamene timayamba kukambirana zenizeni: kuti makina olandira ndalama ayenera kudzuka pasanathe ola, koma zithunzi za phwando la Khrisimasi la antchito zingadikire sabata.

Za malo osungira backup, moto wa ku Strasbourg, m'dziko la France, unatiphunzitsa mokwanira. Pa 10 March 2021 nyumba ya maseva ya kampani yobwereketsa maseva ya OVHcloud, nyumba yotchedwa SBG2, inapsa yonse, ndipo mawebusayiti mamiliyoni anazima. Makasitomala ena anadzazindikira mochedwa kuti backup yawo inali pamalo omwewo amene anapsa. Lamulo lakale limene timaphunzitsa ongoyamba ntchito ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Masiku ano timawonjezera kuti limodzi likhale losalumikizidwa ku netiweki, kapena lokhomedwa moti ngakhale mkulu wa makompyuta sangalifufute nthawi yake isanakwane. Ichi n'chifukwa chake matepi osungirapo deta a mtundu wa LTO, amene achinyamata amawaseka kuti ndi zachikale, akugulidwabe. Tepi ili m'kabati wakuba wa pa intaneti sangaifikire.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi backup yosayesedwa. Pa 31 January 2017 katswiri wina wa kampani ya GitLab anafufuta database pa seva yolakwika, pafupifupi magigabayiti 300. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma panalibe imodzi imene inagwira ntchito mmene ankayembekezera. Anapulumukira kope limene linatengedwa maola asanu ndi limodzi m'mbuyo mwake, ndipo ntchito ya maola amenewo inatayika.

Zofanana nazo ndinazionapo ndi maso anga pa kampani ina imene inandiitana kukayendera makina ake. M'mawa uliwonse mnyamata wa ku IT ankalandira imelo ya chizindikiro chobiriwira yonena kuti backup yatheka, n'kuisindikiza, n'kuiika m'fayilo. Fayiloyo inali yonenepa, yosamalidwa bwino, chikomekome cha mkuyu. Ndinapempha kuti titenge tepi ya Lachisanu lapitalo tibwezeretse database ya malipiro pa seva yoyeserera. Tinakhala m'chipinda chozizira chija, majuzi tavala, makina akulira. Mafoda anabwera onse bwinobwino, kupatula database. Inasamutsidwira pa disiki ina miyezi yapitayo, koma palibe amene anauza pulogalamu ya backup za kusamukako. Usiku uliwonse inkakopera foda yakale yopanda kanthu, n'kunena zoona kuti yamaliza.

Mnyamatayo anangogwira chibwano. Ine sindinamudzudzule, pakuti palibe anamupatsapo tsiku loti ayese, ndipo kuyesa kumafuna kuti bwana avomere Loweruka limodzi la ovataimu. Tinakonza tsiku lomwelo. Kenaka ndinafunsa kumene kuli chikalata chofotokoza zoyenera kuchita likulu likagwa: woyamba kumuimbira foni ndani, seva yoyamba kuyatsa ndi iti, makiyi a kumalo achiwiri amasunga ndani. Anandiyankha monyadira kuti chilipo, masamba makumi anayi, ndipo anachisunga pa seva ya kulikulu komweko.