Kaseti ya ukwati ija isaolere m'sutikesi

Ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano anthu amandipeza atanyamula makaseti a VHS m'jumbo, akufuna aonenso malemu mayi awo akuvina pa perekaniperekani. Ntchito yosamutsira kanema wa m'kaseti pa kompyuta mutha kuigwira nokha kunyumba, bola musazengereze. Funai ya ku Japan, kampani yomwe inatsala yokha kupanga madeki (makina oonetsera makasetiwa), inasiya mu 2016. Deki iliyonse imene ikuyendabe lero ndi nkhalamba.

Yambani mwasuzumira pakawindo ka kasetiyo. Mukaona toyerayera ngati ufa patepi, chimenecho ndi chuku chobwera ndi chinyezi cha m'dzinja. Kaseti yotere musailowetse m'deki. Chukucho chimamatirira pamutu wowerenga tepi, kenako n'kupatsira makaseti onse otsatira, ndiye ipatuleni aikonze odziwa. Ena abwinowo muwathyole kapulasitiki kakang'ono ka makona anayi kokhala pakona ya mbali yolembapo dzina la kaseti, kuti wina akadina batani lojambulira mwangozi asafufute ukwati wonse. Dekinso yesani kaye ndi kaseti yopanda ntchito, chifukwa malamba a m'kati akatha imatafuna tepi. Ndinaonapo bambo wina atangoti kakasi, tepi ya ubatizo wa mwana wawo ikutuluka itakwinyika ngati chingwe.

Zida zake n'zochepa: deki, kompyuta, ndi kachipangizo ka USB kotchedwa capture card, kolowetsa zithunzi ndi mawu a m'deki mu kompyuta. Mawaya ochoka pa deki kupita pa kachipangizoka ndi atatu aja, lachikasu la zithunzi, lofiira ndi loyera a mawu. Pulogalamu yojambulira pa kompyuta ya OBS Studio ndi yaulere. Kuno kwathu timagwiritsa ntchito mtundu wa kanema wotchedwa PAL, choncho mu OBS sankhani zithunzi 25 pa sekondi. Kaseti yotumizidwa ndi achibale a ku America ndi ya mtundu wina wotchedwa NTSC, ndipo imafuna deki yoti izitha kuiwerenga.

Apa palibe chidule. Kaseti ya maola atatu idya maola atatu omwewo. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti muzijambula mu fayilo ya mtundu wa MKV, chifukwa magetsi akathima pakatikati zomwe mwajambula kale zimatsala, pomwe ya mtundu wa MP4 imatha kuonongeka yonse. Mukamaliza, OBS yomweyo ikusandutsirani fayilo kukhala MP4.

Musayembekezere kuwala ngati kwa foni yamakono, VHS inabadwa yachimbuuzi. Ndipo chonde, fayilo yotumizidwa pa WhatsApp isakhale yokhayo yomwe mwasunga, popeza imafinyidwa kuti ichepe. Fayilo yeniyeni ikhale malo awiri, ina pa hard drive, ina kwa mbale wa kutali. Makasetiwo musataye, aimikeni chilili pouma.

Tsiku lojambulalo itanani azakhali kapena agogo akhale pambali panu ndi kope. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti wanyamula lichero la ndalamayo ndi ndani, ndipo unali mudzi uti, chaka chiti. Lembani zimenezo pa dzina la fayilo.