Minda ya makolo imawerengeka ngati kalata

Anthu ambiri muno mu Zomba amaganiza kuti nzeru yoteteza nthaka inabwera ndi atsamunda. M'pomveka. Lamulo la 1946 lokakamiza mizere ndi milambala linachokera mumzinda uno, ndipo agogo athu amakumbukirabe chindapusa cha malimidwe. Koma ife ofukula zakale tikayang'ana pansi timaona zina.

Ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, anthu anawaka masitepe a miyala olimapo m'mapiri athunthu kuyambira cha m'ma 1300 mpaka m'ma 1800. Pakati pa mudzi ankakumba khola lozama, kuliyala miyala, n'kusiya kanjira kapansi kolowera ng'ombe. Kanjirako n'kakang'ono kwambiri, ndiye timadziwa kuti ng'ombe zawo zinali zazifupi. Ndowe zinkaunjikana m'kholamo kenaka n'kupita kumunda. Nthaka ya m'phiri siichedwa kuguga, choncho ndowezo zinali zofunika. Amene anasenza miyala yonseyo sanali mlimi wosamukasamuka. Munthu sawaka munda umene akufuna kuusiya chaka chamawa.

Ku Engaruka, kumpoto kwa Tanzania, alimi ankapatutsa madzi a mitsinje yotsika m'phiri kudzera m'ngalande za miyala, kuthirira mahekitala pafupifupi 2,000 zaka 500 zapitazo. Ngalande zotere sizitheka popanda kugwirizana kuti lero athirira ndani, mawa ndani. Miyalayo ikutiuzanso za malamulo a mudzi.

Nanga kwathu kuno? Makolo athu ankalima kwambiri pa matutu. Ankaunjika udzu ndi zinyalala, kukwirira ndi dothi, n'kubzala pamwamba. Matutu ndi dothi lokhalokha, mvula ndi khasu zimawafafaniza msanga, n'chifukwa chake umboni wathu ndi wovuta kuupeza. Kutsidya kwa nyanja, Amatengo a ku Mbinga, m'dziko la Tanzania, akulimabe maenje awo otchedwa ngoro pamalo otsetsereka, ndipo nthaka siikokoloka.

Chimene chimatithandiza kwambiri ndi makala. Kachidutswa kopezeka pansi pa mpanda wa miyala kakapimidwa kamatiuza zaka zake, ndipo njere zopserera zimaulula ngati munali mapira kapena mawere chimanga chisanafike. Chimandiwawa ndikaona miyala yakale ikugumulidwa kuti ikhale maziko a nyumba wina asanaijambule n'komwe.

Mukapeza mzere wa miyala, mapale kapena zotsalira za ng'anjo m'munda mwanu ku Domasi kapena m'mphepete mwa phiri la Zomba, musazisunthe. Jambulani ndi foni, uzani amfumu, ndipo uthengawo ufike ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale.