Adokotala ali m'chipinda cha makaundula

Lachitatu lina mayi ena a ku kiliniki ya BP anandiimitsa pakhonde la chipatala, kabuku kawo ka kuchipatala kali m'manja. Ankafuna dokotala wachinyamata amene amawaona mwezi ndi mwezi. Nditawauza kuti tsiku limenelo ali pa kafukufuku, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Adokotala, ndiye kuti mapepala aposa ife odwala?" Mzere unali utatuluka pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango. Ndinawaona ndekha mayiwo, ndinawayeza, ndinawalembera mankhwala, koma funso lawo sindinaliyankhe mokwanira. Ndine mmodzi mwa amene amaphunzitsa madokotala otere, ndipo ndine amene ndinasaina kuti mnyamatayo asaoneke ku kiliniki tsiku limenelo, choncho yankho liyenera kuchokera kwa ine.

Dokotala akamaliza digiri yoyamba ndi nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, amatha kusankha ukatswiri. Ena amapita ku matenda a ana, ena ku opaleshoni, ena ku maso. Amene wasankha Family Medicine, amene timamutcha dokotala wa mabanja, amasankha munthu yense ndi banja lake. M'mawa aona khanda la malungo, kenako agogo a shuga, masana mnyamata wagwa pa kabaza, usiku achita opaleshoni ya mayi amene mwana wakanika kubadwa. Ku America ukatswiri umenewu unavomerezedwa mu 1969, ku South Africa mu 2007. Kuno kwathu maphunziro ake a zaka 4 anayamba mu 2015 pansi pa College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mwadala, ophunzirawo anaikidwa pa chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo pambuyo pake chipatala cha mishoni cha Nkhoma chinayambanso kuphunzitsa. Palibe amene amalandira digiriyi osachita kafukufuku wakewake. Ku South Africa, bungwe lolembetsa madokotala lakhala likufuna kafukufuku wotere kwa aliyense wofuna ukatswiri kuyambira mu 2011. Ku America, kumene maphunzirowa ndi a zaka 3, wophunzira amayenera kuonetsa ntchito ya mtundu umenewu, kuphatikizapo imodzi yokonza kasamalidwe ka odwala pamalo pamene akugwira ntchito.

Chifukwa chake chili mu nambala zimene dokotala wina, Kerr White, ndi anzake anatulutsa mu 1961. Atasonkhanitsa zimene zinkadziwika ku America ndi ku Britain, anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 1,000, pa mwezi umodzi 750 amamva kuti penapake m'thupi sipali bwino, 250 amakaonana ndi dokotala, 9 amagonekedwa, ndipo mmodzi yekha ndi amene amafika ku chipatala chachikulu chophunzitsira madokotala. Tsono mabuku ambiri a udokotala analembedwa poyang'ana munthu mmodzi ameneyu, pakuti ndi kumene kuli aphunzitsi, makina ndi ndalama za kafukufuku. Nambala zathu sizingafanane ndendende ndi zimenezo, koma chithunzi chake aliyense akuchidziwa. Ambiri timathera pa chipatala chaching'ono cha kwathu kapena cha pa boma, ndipo ofika ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central ndi ochepa. Ku Gulupu kwachitika kafukufuku wotukula dziko. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wa malungo, imene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza kumeneko cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri ndipo imadziwika ndi dzina la Blantyre. Koma funso loti n'chifukwa chiyani mayi wa BP wa kuseri kwa phiri amasiya kubwera pakatha miyezi itatu, a ku Gulupu sangaliyankhe. Mayiyo sakumuona. Amadzamuona tsiku limene wafa ziwalo.

Pali bambo wina amene ndimakonda kuuza ophunzira nkhani yake. Will Pickles anali dokotala wa kumudzi ku Aysgarth, m'chigwa cha Wensleydale ku England, ndipo anakhala kumeneko zaka zoposa 50. Analibe labotale. Anali ndi kabuku ka m'thumba, ndipo madzulo iye ndi mkazi wake ankalemba pa tchati tsiku limene munthu aliyense wayamba kudwala, mudzi ndi mudzi. Popeza ankadziwa aliyense, ankadziwanso amene anapita ku phwando liti, amene anachezera azakhali ake tsiku liti. Chikasu chitabuka m'chigwamo mu 1929, anatha kulondola amene anapatsira mnzake, n'kuonetsa kuti matendawo amabisala m'thupi masiku 26 mpaka 35 asanaonekere. Buku lake la mu 1939 likuwerengedwabe. Dokotala wa pa boma kuno kwathu ali ndi mwayi womwewo, wodziwa anthu, misika, miyambo ndi nyengo, ngati waphunzitsidwa kulemba zimene akuona mwadongosolo.

Kuphunzitsa kwake kumayamba ndi kudula. Mnyamata amene mayi aja ankamufuna anabwera kwa ine chaka chake choyamba ndi mutu waukulu zedi, wofuna kudziwa chimene chimayambitsa BP mwa Amalawi onse. Ndinamuuza kuti funso limenelo lifuna ndalama zimene tilibe ndi zaka zimene iye alibe. Ndinamufunsa chimene chimamusowetsa tulo akaweruka. Anaganiza, n'kunena kuti ndi nkhope zimene amaziona kamodzi kapena kawiri kenako n'kusowa. Pamenepo ndiye panali funso. Tinalipala mpaka linatsala lalifupi: mwa anthu amene anayamba mankhwala a BP pa chipatala chathu chaka chatha, ndi angati akubwerabe, ndipo osiyawo anasiyiranji?

Ndinakamupeza m'chipinda cha makaundula tsiku lina masana. Kachipinda kopanda zenera, kotentha, konunkha pepala lonyowa. Anali atakhala pa katoni, kaundula wamkulu ali pamiyendo, chala chikutsata mzere. Masamba ena anali atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Mwezi wina wonse danga la muyeso wa BP linali lopanda kanthu, ndipo atafunsa anamwino anakumbukira kuti mwezi umenewo makina anatha mabatire. Munthu mmodzi anali atalembedwa katatu ndi maina osiyana pang'ono, kwina ndi dzina la bambo ake, kwina la mwamuna wake. Anandiyang'ana atatopa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, izi ndi zosatheka." Ndinamuuza kuti zimene akuonazo ndi zotsatira zoyamba za kafukufuku wake, azilembe. Ndimakhulupirira ndithu kuti dokotala amene wavutikapo ndi kaundula wotere salembanso kabuku ka wodwala mothamanga moyo wake wonse.

Koma asanatsegule kaundula ngakhale mmodzi, wophunzira amalemba ndondomeko yonse: adzafunsa ndani, angati, adzawasankha bwanji, adzasunga kuti mayankho. Ndondomekoyo imapita ku komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku. Ku sukulu ya madokotala komitiyi yakhala ikudziwika kuti COMREC, ndipo palinso ina ya dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani inu owerenga. Dokotala akakupemphani kuti mulowe m'kafukufuku, ayenera kukufotokozerani m'chinenero chimene mukumva, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, chimene akufuna kudziwa, chimene adzakuchiteni, ndi amene adzaone mayankho anu. Mukavomera mumasaina kapena kudinda chala pali mboni. Mukakana, thandizo lanu silisintha ngakhale pang'ono, ndipo mutavomera lero muli ndi ufulu wosiya mawa. Ngati atenga magazi, funsani kuti ndi ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo zotsatira mudzazimva liti. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinatayitsira miyoyo ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017. Mantha otere amamera pamene anthu akuona zinthu zikuchitika popanda wowafotokozera, ndiye ine ndimaona kuti mphindi 20 zimene wophunzira amatha pofotokoza ndi mbali ya ntchito yeniyeniyo.

Chovuta china chimene anthu sachiganizira ndi kafunsidwe. Mukafunsa agogo kuti, "Mumamwa mankhwala tsiku lililonse?" adzayankha kuti inde, chifukwa ndi ulemu, ndipo ndani angakhumudwitse dokotala. Mnyamata uja anayesa mafunso ake pa anthu ochepa, aliyense n'kuvomera. Anawasintha. Anayamba kunena kuti, "Anthu ambiri zimawavuta kumwa mankhwala masiku onse. Inu sabata yathayi, ndi masiku angati amene zinakanika?" Anapemphanso mlangizi wa zaumoyo kuti azifunsa m'malo mwake, iye osaoneka ndi chovala choyera. Pamenepo anthu anamasuka. Mafunso olembedwa ku London kapena ku Baltimore sangangotembenuzidwa n'kuyamba kugwira ntchito ku Makanjira. N'chifukwa chake Dr Luckson Dullie ndi anzake, mu 2018, anatenga nthawi kukonza ndi kuyesa mu Chichewa mndandanda wa mafunso oyezera mmene odwala amaonera thandizo la m'zipatala zoyambirira, asanayambe kuukhulupirira.

Sikuti wophunzira aliyense adzakhala katswiri wa kafukufuku, ndipo sindifuna kuti onse akhale otero. Ambiri adzathera moyo wawo m'mawodi. Chimene ndimafuna kwa aliyense ndi luso lowerenga zimene ena apeza ndi diso lofunsa. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ana otentha thupi kwambiri amene magazi sankayenda bwino. Kwa zaka zambiri mabuku ankati ana otere athiridwe dripi yambiri mofulumira. Atayerekeza, anapeza kuti mwa ana 100 othiridwa mofulumira, 10 kapena 11 anamwalira pasanathe masiku awiri, pomwe mwa osathiridwa chotero anamwalira pafupifupi 7. Dokotala wosadziwa kuwerenga kafukufuku angachite chimodzi mwa ziwiri zoopsa: kunyalanyaza n'kupitiriza zakale, kapena kuyamba kuopa dripi kwa mwana aliyense. Wodziwa kuwerenga amaona msanga kuti ana otsekula m'mimba sanali m'gululo, ndipo kwa iwo dripi ndi imene imapulumutsa. Luso limeneli ndi lomwe amaligwiritsa ntchito wogulitsa mankhwala akabwera ndi kapepala kokongola, kapena wodwala akamuonetsa uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti tsamba lakutilakuti lithetsa shuga.

Ndisabise, zovuta zilipo, ndipo zina ndi zathu aphunzitsi. Nthawi ya kafukufuku imalembedwa pa ndandanda, koma mayi akayamba kutaya magazi ku matenite palibe amene angakhale ndi makaundula. Tsikulo limatha, lina limatha, ndipo ambiri amadzapezeka akulemba usiku m'chaka chomaliza, mayeso ali pakhomo. Oyang'anira ndife ochepa, ndipo mmodzi amatha kusenza ophunzira angapo pamwamba pa odwala ake. Mafuta a njinga yamoto yopitira kumidzi nthawi zina amachoka m'thumba la wophunzira. Magazini ambiri a zachipatala amalipiritsa ndalama zambiri kuti asindikize, ngakhale kuti alipo a kuno ku Africa monga Malawi Medical Journal ndi African Journal of Primary Health Care & Family Medicine amene amalandira ntchito zotere. Koma chimene chimandipweteka koposa ndi buku la kafukufuku lomangidwa bwino, la chikuto cholimba, lokhala pa shelefu, pomwe anthu amene anayankha mafunso sanamvepo chimene chinatuluka. Ine ndinayamba kukana kusaina buku la wophunzira aliyense asanabwerere kwa anthuwo. Ena amaona kuti ndikuumitsa zinthu. Ndimawauza kuti mayankhowo anachita kubwereka.

Mnyamata uja anabwerera. Anayamba ndi anamwino ndi makiliniko ofesa pa msonkhano wa m'mawa, kenako anaitana odwala pansi pa mtengo wa mango womwe uja, mayi aja alipo. Anawauza zimene anamva kwa osiya aja. Ambiri sanaiwale. Ena anasiya chifukwa mutu unaleka kupweteka ndipo palibe anawauza kuti mankhwalawa ndi a moyo wonse. Ena tsiku la kiliniki linkagundana ndi tsiku la msika. Ena nthawi ya dzinja mtsinje unkadzaza, ndipo ataphonya kamodzi ankaopa kukalipiridwa. Ziwiri mwa zimenezi zinali zotheka kukonza popanda ndalama, ndipo tinagwirizana kusintha tsiku ndi kuleka kukalipira obwera mochedwa, kenako kudzawerenganso pakatha miyezi 6 kuti tione ngati zathandiza.

Atatsala pang'ono kutseka, bambo ena achikulire anakweza ndodo yawo. Anati zonsezo ndi zoona, koma iwo anasiya chifukwa anayenda ulendo wa maola atatu kawiri konse, n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, akagule ku famase. "Kodi zimenezo mwawerenga kuti zimachitika kangati pa chaka?" Mnyamatayo anavomera kuti sanawerenge. Anatulutsa kabuku m'thumba, anafunsa bambowo kuti inali miyezi iti, n'kulemba.